Madzi m'Botolo la Mafuta a Mabuleki

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ngakhale kuti masiku ena ndimalakalaka chikanafufutika m'mutu mwanga. Ndinali mu Sitandade 5, ndipo ndinkakhala ku Matandani ndi amalume anga a Lenadi. Mayi anga anali atapita ku Blantyre kukagwira ntchito ya m'nyumba, choncho amalume ndi akazi awo, amene ine ndinkawatchula kuti azakhali, ananditenga. Ana awo anali atakula n'kubalalika m'matauni, ndipo pakhomo panali patachita zii.

Amalume anagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri pa famu ina ku Zimbabwe. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi chigayo kapena malata. Iwo anabwera ndi galimoto yaing'ono yobiriwira, ya mipando iwiri yokha, yopanda denga, yakale kuposa mayi anga. Mwini famuyo anawasiyira atakalamba, poti ndi amalume okha amene ankadziwa matenda onse a galimotoyo. Inali yotsika kwambiri moti m'misewu yathu ya miyala inkayenda monyang'ama ngati munthu wopanda nsapato pa lupsa. Sinkanyamula chimanga kapena mbatata. Ntchito yake inali yonyamula mkwatibwi kuchokera kutchalitchi, nsalu yoyera ikuuluka kumbuyo, ife ana tikuthamangira m'fumbi. Masiku ena onse inkagona m'shedi ya udzu kuseri kwa nyumba, itafunda tenti.

Ine ndinkaikonda galimotoyo kuposa mmene anthu ankayembekezera kwa mwana wamkazi. Azakhali, amene anali telala wa madiresi, ankadandaula kuti zikhadabo zanga zada ngati za wowotcha makala, koma ankadandaula akuseka. Amalume anandiphunzitsa kusiyanitsa masipanala, kuyeza oyilo ndi kumvetsera injini ikamalira. Koma chimene ankabwereza kawirikawiri chinali cha mafuta a mabuleki.

"Injini ikafa, Modesta, umatsika n'kukankha," ankatero. "Mabuleki akafa sutsika wekha. Amachita kukunyamula."

Pamsika panali anthu ogulitsa mafuta a mabuleki othiridwa m'mabotolo a zakumwa, koma amalume sankawayang'ana n'komwe. Iwo ankaitanitsa kwa Che Amidu, mwini golosale amene ankapita kukapikula katundu ku Blantyre kamodzi pa masabata awiri. Botolo linkayenera kubwera lomata kukamwa, ndipo pambali pake pakhale nambala 4. Ankati timphira ta m'kati mwa mabuleki a galimoto yokalamba ngati imeneyo tili ngati mimba ya nkhalamba, sitilandira chilichonse. Ukasakaniza mitundu, kapena dontho limodzi lokha la oyilo wa injini likagweramo, timphirato timatupa n'kuwonongeka. Ndipo zaka ziwiri zilizonse ankachotsa mafuta onse akale n'kuthira atsopano, ngakhale galimoto itakhala kuti yayenda maulendo khumi okha.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene ankatayira mafuta oti sanathe.

"Mafuta awa ali ndi ludzu," anandiyankha. "Amamwa chinyontho cha mumpweya momwemu. N'chifukwa chake botolo lake salisiya lotsegula."

Sindinafunse kuti akamwa madziwo chimachitika n'chiyani. Nawonso sanapitirize. Funso limene sindinafunse tsiku limenelo ndakhala ndikulifunsa moyo wanga wonse.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala a Mailosi. Anali mkamwini wochokera kumtunda, kupitirira Dambe, ndipo akazi awo atamwalira iwo anatsala pamudzipo ndi mwana wawo mmodzi, Felesiya. Felesiya anali mnzanga wa pamtima. Tinkakhala desiki imodzi, ndipo masamu ankanditsogolera ndi iye. Bambo ake anali munthu wosalankhulalankhula, koma wopsa mtima msanga. Mwezi umodzi zimene ndikufotokozazi zisanachitike, mbuzi zawo zinalowa m'shedi n'kukwera pa galimoto, ziboda zake n'kukala penti ya pa boneti. Amalume anakalipa kwambiri. A Mailosi nawo anakweza mawu, ndipo amayi amene anali pa mjigo anamva onse zimene ananena.

"Galimoto yanu yonyadirayo, tidzaona kumene idzathere!"

Anali mawu a mkwiyo basi, ngati amene anthu amalankhula tsiku lililonse. Patatha sabata amalume ndi a Mailosi anali atayambanso kupatsana moni.

M'chilimwe cha chaka chimenecho amalume anapemphedwa kukanyamula mkwatibwi kumunsi, cha ku Midzemba. Diresi la mkwatibwiyo anasoka ndi azakhali, choncho anayenera kupitira limodzi kuti akamuveke. Ukwati unali Loweruka, ndipo nthawi yosintha mafuta a mabuleki inali itakwana. Lachinayi masana amalume anakweza galimoto pa jeki, n'kutsegula botolo latsopano limene Che Amidu anabweretsa. Asanapite patali, munthu anabwera kudzawaitana kuti mkulu wina wa mpingo wadwalika.

"Titsiriza mawa," anatero akupukuta m'manja. "Tseka botololo ndithu, uliike pa shelufu."

Atangochoka, Felesiya anandiitana pa mpanda kuti anzathu ayamba kale fulaye ndipo gulu lathu likuperewera munthu. Ndinangosanjika chitsekero pakamwa pa botolo osachipotokola, botololo n'kulisiya pa njerwa pomwe linali. Ndinkati ndibwera pompano.

Nditabwerako dzuwa litapendeka, ndinapeza nkhuku zikupalasa m'shedi, botolo litagona chammbali. Pansi panali chibanga chakuda pomwe dothi linamwa mafuta. Nditalidzutsa linali lopepuka, mafuta otsalamo ongopitirira theka pang'ono. Amalume sankamenya, koma ndinkaopa nkhope imene akanandiyang'ana nayo. Ndinkadziwanso kuti Che Amidu sapitanso ku Blantyre ukwati usanachitike. Ndinaima pamenepo ndikuganiza monga aganizira mwana: ngati mafutawa amamwa okha madzi, ndiye kuti madzi sadana nawo.

Ndinakatunga madzi mu diramu ndi kapu ya pulasitiki, n'kuthira m'botolo mpaka pamene mafuta analekezera poyamba. Ndinakhutchumula, n'kudonthezera pang'ono pa chala. Anali achikasu pang'ono, oterera, ofanana ndithu ndi mmene analili. Madzi anali atasowa m'katimo ngati sanalowemo. Ndinatseka botolo mwamphamvu nthawi imeneyi, n'kuliika pa shelufu, ndipo chibanga chija ndinachikwirira ndi mchenga.

Lachisanu m'mawa tinagwira ntchito ija. Ntchito yochotsa mafuta akale ndi mpweya m'mapaipi imafuna anthu awiri. Amalume ankagona pansi pafupi ndi tayala, sipanala ili m'manja, ine nditakhala pampando wa dalaivala, pilo kumsana kuti mwendo ufike pa buleki. Ankafuula kuti, "Popa! Popa! Gwira!" Ine n'kuponda osasiya mpaka atamasula kanati, mafuta akale akuda bii n'kutulukira m'kapaipi kupita m'chitini. Pakapita kanthawi ankandiuza kuti nditsike ndikawonjezere mafuta atsopano m'kathanki ka pansi pa boneti kuti kasaume. Motero botolo lija silinafike m'manja mwawo ngakhale kamodzi. Ndinathira ndekha, matayala onse anayi, ndi manja angawa.

Titatsiriza anayendetsa galimoto mpaka pa mjigo n'kubwerera, akuponda buleki pafupipafupi. Inkaima nthawi yomweyo.

"Yalimba ngati mwala," anatero akumwetulira. "Wagwira ntchito, makaniko wanga."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinkaona ngati galimoto yokhayo yavomereza kuti sindinalakwe kanthu.

Loweruka m'mawa azakhali anavala diresi lawo la buluu ndi duku loyera. Diresi la mkwatibwi analikulunga m'nsalu n'kulifungatira pamiyendo ngati khanda. Anandiuza kuti ndisaiwale kuanika mphale, ndipo analonjeza kundibweretsera keke ya ukwati. Injini italira ndinayandikira chitseko cha amalume, pakamwa panga patatseguka kale. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi pali kanthu?" Ndinati ayi, muyende bwino. A Mailosi anali pamsewu akupita kudimba, khasu paphewa, ndipo galimoto ikudutsa anakweza dzanja.

Uthenga unafika dzuwa lili paliwombo, ndi bambo wina wa panjinga amene malaya ake anali atanyowa ndi thukuta. Ine ndinali ndikutembenuza mphale pa mphasa. Zonse ndinadzazimva bwino pambuyo pake. Msewu wopita kumunsi uli ndi chitsetso chachitali chokhotakhota, ndipo amalume anatsika akuponda buleki pakona iliyonse monga ankachitira nthawi zonse. Atayandikira kumapeto kwa chitsetsocho, buleki inayamba kufewa, kenako inangolowa mpaka pansi ngati aponda m'phala. Anapopa, osagwira. Anakoka handibuleki, anayesa kutsitsa giya, koma galimoto inali itathamanga kale. Kutsogolo kunali kamlatho, ndipo pakamlathopo panali amayi ndi ana akupita ku ukwati womwewo. Amalume anakhotetsera galimoto ku chipupa cha phiri. Iwo anathyoka ntchafu. Azakhali anaponyedwa kunja n'kumenyetsa mutu pamwala, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala.

Tsiku lotsatira amuna a m'mudzi anapita ndi ngolo ya ng'ombe kukakoka galimoto. Mmodzi wa iwo, amene anayendetsapo lole, anakhala pampando n'kuponda buleki. Inali yolimba. Anayang'ana mapaipi, onse anali athunthu, palibe podontha. Anatsegula kathanki kaja, kanali kodzaza. Nkhani inafika m'mudzi ngolo isanafike: mabuleki ndi abwinobwino, galimoto ija anachita kuimanga ndi munthu. Ndipo panalibe amene anafunika kukumbutsidwa za mbuzi zija, mawu a pa mjigo aja, ndi dzanja limene linakwezedwa m'mawa wa ulendo.

Amalume anali m'chipatala mwendo utakolekedwa, moti mwambo woika akazi awo sanakhalepo. Mayi anga anabwera kuchokera ku Blantyre. Pa maliro a Mailosi anabwera ndi nkhuni monga mwa mwambo, koma atakhala pansi amuna onse amene anali pafupi ananyamuka n'kukakhala kwina. Patapita masiku awiri chiikireni maliro, masana dzuwa likuswa mtengo, gulu la amuna linapita kunyumba kwawo. Anasasula denga, anaphwanya miphika, nkhokwe n'kuigwetsa. A Mailosi anawamenya mpaka diso limodzi linatsekeka. Anawauza kuti mkamwini wa mankhwala alibe malo pamudzipo, dzuwa lisawalowere.

Ine ndinaona zonsezi nditabisala kuseri kwa khola lathu. Ndinkadziwa. Sindinkamvetsa mmene madzi angaphere munthu pomwe buleki ili yolimba, koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti chinthu chokhacho chachilendo chimene chinalowa m'galimoto ija ndinathira ndine. Ndikanatha kuthamanga n'kukaima pakati pawo. Ndikanatha kuuza mayi anga, amene anali pakhonde atagwira kukamwa. Sindinasunthe.

Akuchoka, Felesiya anapatuka n'kubwera pa mpanda, mtolo uli pamutu. Anandiona pomwe ndinabisala. Anasolola buku langa la Chingelezi m'mtolomo n'kundipatsira pamwamba pa mpanda.

"Ndinabwereka lija," anatero. "Ungadzakwapulidwe kusukulu."

Ndinalilandira osamuyang'ana kumaso. Anathamangira bambo ake, ndipo ndinawaona akukwera njira ya kumtunda, wamkulu akutsimphina patsogolo, wamng'ono pambuyo, mbuzi ziwiri zotsala akuzikoka pa chingwe.

Masabata asanu ndi awiri anatsatira, ndipo sindinauze munthu. Kusukulu theka la desiki linali lopanda munthu, ndipo palibe mwana amene ankafuna kukhala pamalo pa mwana wa mfiti. Aphunzitsi akamaphunzitsa ndinkadzidzimuka n'kupeza mwendo wanga wamanja ukupondaponda pansi wokha, ngati ndikupopa buleki. Popita kumjigo ndinkazungulira njira yaitali kuti ndisadutse pa bwinja la a Mailosi, pomwe zipupa zinaima zopanda denga, chitseko chikungotseguka ndi kutsekeka ndi mphepo. M'nyumba mwathu makina osokera a azakhali anali pomwe anawasiya, nsalu ya diresi la munthu wina itapanidwa pansi pa singano, msoko utalekezera pakati. Kangapo konse masana ndili ndekha ndinamva ngati makinawo akulira, ndipo ndikasuzumira ndinkapeza fumbi lokha likuyandama m'kuwala kwa pawindo. Chakudya ndinkangochisiya m'mbale. Anthu ankati mwanayu ankawakonda azakhali ake, maliro amulowa m'thupi.

Amalume anatuluka m'chipatala ataonda, tsitsi litayera, akuyendera ndodo ziwiri. Sankalankhula ndi anthu obwera kudzawapepesa. Ankakhala m'shedi tsiku lonse pa kampando, akuyang'ana galimoto yophwanyika kumaso ija. Nthawi zina ndinkawamva akudzilankhulira okha: "Inafewa itatentha, inalimba itazizira."

Tsiku lina m'mawa anandiitana.

"Modesta, bweretsa mbaula ya moto, chitini chopanda kanthu, ndi botolo lija la pa shelufu."

Ndinazibweretsa. M'botolo munali mutatsala mafuta pang'ono. Anawathira m'chitini n'kuchiika pa makala. Sipanapite nthawi, mafuta aja anayamba kuthetheka ngati madzi agwera m'mafuta okazingira mandasi, nthunzi yoyera ikukwera. Amalume anasuzumira m'chitinimo.

"Mafuta enieni sawira msanga chonchi," anatero motsitsa mawu, ngati akuphunzitsa monga kale. "Umu muli madzi, ambiri ndithu. Pachitsetso mabuleki amatentha koopsa. Madzi akawira m'mapaipi amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi ukaiponda imangofinyika, siigwira tayala. Ikazizira imabwerera kukhala madzi, buleki n'kulimbanso ngati palibe chachitika. Palibe ufiti apa." Anaphula chitini chija ndi pulayala, ndipo nkhope yawo inasintha. "Amidu wandigulitsa chinyengo. Wandiphera mkazi chifukwa cha phindu. Ndipatse ndodo zangazo."

Anayamba kudzuka. Ndinaona m'maganizo mwanga gulu lomwe lija likuyenda kupita kumsika, ndinaona golosale ya Che Amidu ikusasulidwa, ana ake atatu atasenza mitolo. Mawu anatuluka okha.

"Si Che Amidu, amalume. Ndine."

Ndinafotokoza zonse, za fulaye, nkhuku, kapu ya pulasitiki, mchenga umene ndinakwirira pansi. Ndinakanda ndi phazi pomwe panali chibanga, ndipo dothi lakuda linaonekera. Amalume anakhalanso pansi. Sanandimenye, sanakuwe. Anangotseka maso. Ndinkafuna akanandimenya.

"Tsiku lija unayandikira chitseko," anatero pomaliza, "unkafuna kunena zimenezi, eti?"

"Inde."

"Nanga tsiku limene ankamenya a Mailosi, unali kuti?"

"Kuseri kwa khola."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ine ndinasiyira mwana botolo lotsegula, ndipo sindinakuuze chimene madzi amachita. Ndili m'chipatala ndinamva zimene anthu ankanena za a Mailosi, ndipo sindinawaletse, chifukwa zinkandipeputsa mtima kuti wolakwa ndi wina. Tonse tinabisala, iwe kuseri kwa khola, ine pabedi." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Azakhali ako sitingawadzutse. Koma a Mailosi ali moyo."

Tsiku la mapemphero lotsatira, mapemphero atatha, amalume anaimirira ndi ndodo zawo kutsogolo kwa mpingo, ine ndili pambali pawo. Anafotokoza za madzi ndi nthunzi, ananena kulakwa kwawo, ndipo anandiuza kuti ndinene kwanga ndi pakamwa panga. Mawu anga anali aang'ono moti akumbuyo ankafunsana kuti wati chiyani. Amuna amene anasasula nyumba ija analipo, ena atavala majekete a kwaya, ndipo onse ankayang'ana nsapato zawo. Koma potuluka ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Nanga mwanayo anamutuma kuthira madziwo ndani? Si mankhwala omwewo?" Ndinazindikira tsiku limenelo kuti bodza likamera mizu, choonadi sichilizula lonse.

Sabata yotsatira tinakwera lole imene inkapita kumtunda kukatenga mbatata. Kunkazizira, ndipo pakona iliyonse amalume ankaluma mano chifukwa cha mwendo. Titatsika ku Dambe tinayenda pang'onopang'ono, tikufunsa njira, mpaka tinapeza a Mailosi m'munda wa mlongo wawo akukumba mbatata. Diso lija linali litatseguka koma litayera, losaonanso. Felesiya anali chapatali pamzere, atabereka mwana wa azakhali ake, akutolera mbatata m'thumba. Inali nthawi ya sukulu.

Amalume anavula chipewa n'kufotokoza chimene tadzera. Kenako ndinagwada pa dothi lozizira lija n'kunena zonse kachitatu. A Mailosi anamvetsera atatsamira khasu. Nditatsiriza anafunsa funso limodzi.

"Pamene ankandimenya paja, iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Anayang'ana kumapiri, kenako anayang'ana amalume. "Mwana anathira madzi m'botolo, a Lenadi. Zimenezo n'za ana. Koma amene anandiboola disoli anali ndi ndevu. Ndinakhala nawo zaka khumi ndi zisanu, ndinakumba nawo manda a abale awo, ndipo panalibe mmodzi woti anene kuti taimani kaye."

Amalume anawapempha kuti abwerere, kuti adzawamangira nyumba ina ndi manja awo, ya malata. A Mailosi anapukusa mutu.

"Mkazi wanga ali m'manda a kwanu, ndipo sindingathe kukamulambulira. Koma kubwerera ayi. Ndingamakhale bwanji ndi anthu oti ndinawaona nkhope zawo tsiku lija?"

Sananene kuti andikhululukira, ndipo sananene kuti sandikhululukira. Anauza Felesiya kuti atithirire mbatata m'kathumba, poti mlendo sabwerera chimanjamanja. Felesiya anabwera nako n'kukaika pansi patsogolo panga, osati m'manja mwanga. Ndinamutchula dzina. Anakonza nsalu ya mwana kumsana n'kubwerera pamzere wake. Aka kanali komaliza kumuona. Chaka chotsatira tinamva kuti awolokera ku Mozambique, ndipo sukulu sanaipitirize.

Galimoto ija amalume sanaikonzenso. Inakhala m'shedi mpaka udzu wa denga unaigwera, ndipo atamwalira ana awo anaigulitsa kwa ogula zitsulo. Koma zaka zonse zimene ndinakhala nawo sananditchulirepo za azakhali mondiimba mlandu. Anandilipirira sukulu mpaka ndinamaliza, ndipo aliyense wobwera ndi njinga yamoto kapena galimoto kudzafunsa nzeru ankamuuza nkhani ya madzi, akuyamba ndi mawu akuti, "Ine ndinalakwitsapo."

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndapitirira msinkhu umene azakhali anali nawo pomwe ankamwalira. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kapu ija ya madzi. Tsopano ndikuona mosiyana. Kuthira madzi kunali kupusa kwa mwana wamantha amene sankadziwa chimene akuchita, ndipo mwana ameneyo ndinaphunzira kumumvera chisoni. Chimene sindinathe kudzikhululukira ndi kukhala chete, chifukwa pamenepo ndinkadziwa. Mpata wolankhula ndinaupeza kawiri, ndipo kawiri konse mtengo wa mawu anga unali wochepa: koyamba ukwati ukanasowa galimoto, kachiwiri ndikanachita manyazi pamaso pa mudzi. Tsiku lililonse limene ndinasunga chinsinsicho, amene ankalipira anali munthu wina.

N'chifukwa chake m'kalasi mwanga chinthu chikasweka sindiyamba ndi chikwapu kapena kufunsa kuti ndani. Ndimauza ana kuti wonena msanga sindimulanga, ndipo lonjezo limenelo sindinaliphwanyepo, ngakhale aphunzitsi anzanga amati ndikulekerera ana. Iwo sadziwa kuti mwana akaopa kwambiri amatha kubisa chinthu choti chipha munthu.

Kawiri konse ndapita kumtunda kuja kukafunsa za Felesiya. Ulendo wachiwiri ndinapeza mlongo wa a Mailosi atakalamba kwambiri. Anandiuza kuti a Mailosi anamwalira kalekale kutsidya, ndipo Felesiya anakwatiwa ali wamng'ono, ali ndi ana asanu ndi mmodzi, amagulitsa tomato pamsika wina umene dzina lake gogoyo sanalikumbukire. Ndinasiya nambala ya foni yanga papepala kuti akadzabwera adzamupatse. Papita zaka zinayi tsopano. Nambalayo sindinaisinthe, ndipo foni ikaitana ndi nambala yachilendo, ngakhale ndili pakati pa phunziro, ndimayankha.